A Gregorio ndi Kapulogalamu Kofinyira

A Gregorio Nampinga anabadwira ku Milepa m'chaka cha 1944. Agogo awo anali Alomwe amene anaoloka kuchokera ku dziko la Apwitikizi atasenza makasu ndi mbewu ya nandolo, ndipo banja lonse linakhalabe la alimi kupatula iwowa. Chaka chimene dziko linalandira ufulu, kalaliki wina wa pa mishoni anawaphunzitsa kutayipa, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wa pa mpando. Anatayipa zaka makumi awiri ndi zisanu m'maofesi osiyanasiyana a pa Boma la Chiradzulu: makalata a tchuthi, malipoti a dibi la ng'ombe, maminitsi a misonkhano imene iwo sanakhalepo. Msana unapindika, maso anayamba kufuna magalasi. Akazi awo, mayi Albertina, anatsala kumudzi ndi ana asanu, ndipo a Gregorio ankapalasa njinga kupita kumeneko Loweruka lililonse masana, n'kubwerera Lolemba m'mamawa.

Ine ndine Habiba Sabiti wa ku Mbulumbuzi. Ndinawapeza mu 1990 pa ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi, limene linkachita lendi zipinda ziwiri pafupi ndi msika wa pa Boma. Ntchito yanga inali kulandira mafomu ochokera m'midzi, kuwasanja ndi kuwamanga m'mitolo. Yawo inali kulowetsa zolembedwa m'mafomuwo mu kompyuta. Anawalemba ntchito chifukwa zala zawo zinali zothamanga, osati chifukwa ankadziwa makinawo. Tsiku loyamba anakhala pamaso pa galasi lakuda la kompyutayo nthawi yayitali, manja ali pa mawondo, kenako anati, "Mayi Sabiti, nanga pepala tilowetsa pati?" Sindinaseke, poti nanenso sindinkadziwa.

Bungwelo linali ndi makompyuta atatu, onse opatsidwa ndi anthu osiyana, ndipo sankafanana ngakhale pang'ono. Ya pa Boma inkayendera DOS: galasi lakuda, zilembo zobiriwira, umailembera lamulo iyo n'kuyankha. Yachiwiri inali pa mishoni ina cha ku Namitambo, ka Makintoshi kakang'ono koyera kamene bambo mfumu anabwera nako kuchokera kwawo ndipo ankatibwereka. Kameneko sumakalembera lamulo, umangoloza tizithunzi ndi mausi. Yachitatu inali ku likulu la bungwe ku Limbe, chimakina cha Unix chokhala m'chipinda chakechake chozizira, ndipo ankachiyang'anira a Overtone, munthu wamtali wosakonda kulankhula.

Pulogalamu yolowetsera mayina anailemba mzungu wina wachinyamata amene tinkamutchula kuti a Mikaele. Anailemba katatu, kuti makina alionse akhale ndi yake. Koma panali chinthu chimodzi chimene ife sitinauzidwe. Mayina akachuluka sankakwana pa disiketi imodzi, ndiye pomaliza ntchito pulogalamu ya a Mikaele inkaitana kapulogalamu kena kapadera, kolembedwa ndi anthu ena, kuti kafinye mayinawo achepe malo. Ku Limbe kapulogalamu komweko kankawamasula. A Mikaele anakaika m'makina onse atatu ndi manja awo, ndipo kumapeto kwa 1991 anakwera ndege kubwerera kwawo.

Mu Febuluwale 1992 mvula inadula chimanga chikungomasula ngayaye. Minda inauma ili chiimire. Pofika mwezi wa Juni bungwe lathu linasiya za ulimi n'kuyamba kulemba mabanja oyenera kulandira chimanga chachikasu chochokera kunja. Mafomu ankabwera m'matumba a feteleza. A Gregorio ankatayipa kuyambira seveni koloko mpaka magetsi atathima kapena dzuwa litalowa, ndipo Lachinayi lililonse ankapalasa kupita ku mishoni kukalowetsa mafomu a ku Namitambo ndi ku Milepa, poti kumeneko kunali kufupi ndi midziyo.

Mayina a mbali ya ku Milepa anawatengera masiku asanu ndi anayi. Anali mabanja oposa chikwi chimodzi ndi mazana anayi, ambiri mwa iwo anthu amene a Gregorio ankawadziwa nkhope. Anatayipa dzina la mlongo wawo, la apongozi awo, la amalume awo okalamba a Timoti. Atamaliza analoza kachithunzi komalizira ntchito, kamakina kanalira pang'ono monga mwa masiku onse, n'kulavula disiketi. Anailemba pamwamba kuti MILEPA, anaikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa fumbi, anaiika m'thumba la malaya. M'mawa mwake anakwera basi ya ku Limbe n'kukaipereka m'manja mwa a Overtone.

Panapita masabata atatu. Malole anayamba kuyenda. Anatsitsa ku Mbulumbuzi, anatsitsa ku Namitambo, anatsitsa m'midzi ya kuseri kwa phiri. Ku Milepa anthu anadikira pa bwalo la sukulu masiku awiri ndi matumba opanda kanthu, osaona ngakhale fumbi la lole.

Lachiwiri lina masana mayi Albertina anatulukira pa ofesi yathu. Anayenda pansi ulendo wonsewo, mapazi ali mbuu. Sanalowe m'kati, anangokhala pansi pa khonde, ndipo a Gregorio anatuluka n'kunjuta pambali pawo. Ine ndinali pa zenera, ndinamva zonse.

"Bambo a Nester, kumudzi sikukukhalika," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Akuti inu ndi amene munafufuta mayina."

"Ine? Ndifufute dzina la mayi anu omwe?"

"Akuti munagulitsa malo athu kwa anthu a ku Namitambo. Ku chitsime akangondiona amasiya kulankhula. Dzulo alamu anu anafika pakhomo, anakana ndi mpando womwe."

"Ndinalemba onse, mayi a Nester. Ndi zala izi. Ndinanyamula ndekha mpaka ku Limbe."

"Ine ndikukhulupirira. Koma ndikawauza chiyani anthu? Ana akudya mapapaya osapsa owiritsa."

A Gregorio anavula magalasi, anawapukuta ndi kumunsi kwa malaya, n'kuwavalanso.

M'mawa mwake a Gregorio anali ku Limbe. A Overtone anafunafuna disiketi ija m'kabati, anailowetsa m'makina, analemba mawu awiri. Pa galasi panatuluka mzere umodzi wokha: dzina lakuti MILEPA, tsiku, ndi ziro.

"Mulibe kanthu umu, achimwene," anatero a Overtone.

"Mulibe bwanji? Masiku asanu ndi anayi!"

"Mutu wake ulipo, koma m'kati mulibe dzina ngakhale limodzi. Makina anga anaiwerenga, anapeza ziro, anaphatikiza ziroyo ndi mayina a madera ena. Sanadandaule chifukwa palibe anawauza kuti azidandaula."

A Gregorio anandiuza pambuyo pake kuti pa nthawi imeneyo ankangoganiza zoti anapalasa njinga, kukwera basi, kugwira thumba la malaya njira yonse kuopa akuba, atanyamula chinthu chopanda kanthu.

A Overtone ndiwo anawafotokozera za kapulogalamu kofinyira, ndipo anawalembera dzina lake pa kapepala. A Gregorio anapita ku mishoni, anatsegula timabokosi tonse ta pa galasi, kamodzikamodzi, kufunafuna dzinalo. Silinapezeke. Mayina a ku Milepa okha analipo onse, ali bwinobwino m'mimba mwa kamakinako. Anafunsa bambo mfumu, munthu wokalamba wodziwa Chinyanja kuposa ena a ife.

"Aa, mwina ndine," anatero bambo mfumu atagwira pakamwa. "Ndinkakonza buku la nyimbo, makina anati malo atha. Ndinataya zinthu zingapo zimene sindinkazidziwa ntchito yake. Kodi chinali chofunika?"

"Chinali chofunika pang'ono, bambo," anayankha a Gregorio.

Pulogalamu ya a Mikaele inaitana mnzake uja, mnzakeyo kulibe, ndiye inangopitirira ngati palibe chachitika, n'kulavula disiketi yokhala ndi mutu wokha. Kukonza kwake kunatenga mphindi khumi. Koma chimanga cha mwezi umenewo chinali chitagawidwa kale, ndipo lole inafika ku Milepa patapita masabata asanu. Amalume awo a Timoti anamwalira lole isanafike. Anali okalamba ndiponso ankadwala chifuwa kuyambira kale, kotero palibe anganene kuti ndi njala yokha. Pa maliro a Gregorio anakhala kumapeto kwa amuna, ndipo palibe anawapempha kulankhula.

Abwana athu analembera a Mikaele kalata. Yankho linabwera patatha mwezi ndi theka, lodzaza ndi kupepesa. Anati sanaganizepo kuti kapulogalamu kaja kangasowe, poti anakaika yekha. Anati akapeza nthawi adzakonza. Sitinamvenso za iwo.

Ndiye abwana anagamula zimene mabwana amagamula. Anati disiketi iliyonse isanatsekedwe kapena kutsegulidwa, munthu aziyamba waona ngati kofinyira kalipo m'makinawo, ndipo munthuyo akhale a Gregorio, popeza ndiwo akudziwa vutolo. Ntchito yawo yotayipa sanaichepetse. Kuyambira pamenepo sabata yawo inakhala yozungulira: Lolemba ndi Lachiwiri pa Boma, Lachitatu ku Limbe pa basi, Lachinayi ku mishoni pa njinga, Lachisanu pa Boma kachiwiri.

Funso linali limodzi, lakuti kodi kalipo, koma makina alionse ankafuna kufunsidwa mwa njira yawoyawo. A Gregorio anagula kope la ana a sukulu n'kuligawa patatu. Pa Boma ankalemba dzina la kapulogalamuko, lokhala ndi kadontho ndi zilembo zitatu kumapeto. Kakakhalapo kankadzionetsa, kakasowa makina ankayankha mwaukali kuti lamulo lotere sakulidziwa. Ku Limbe dzina lomwelo linalibe mchira wa zilembo zitatu uja, ndipo linkayenera kulembedwa ndi zilembo zazing'ono zokhazokha. Ukalemba chilembo chimodzi chachikulu makina ankati kulibe, pamene kalipo. Ku mishoni kunalibe polemba n'komwe. Ankatsegula bokosi, m'kati mwake bokosi lina, kuyang'ana kachithunzi ndi maso awo ofooka aja, mphuno ili pafupi kugunda galasi.

"Zili ngati kufunsa njira kwa Mlomwe, Myao ndi mzungu," anandiuza tsiku lina akuvula nsapato pansi pa tebulo. "Koma anthu ukalakwitsa liwu amakumvabe."

Ndipo kukhalapo kokha sikunali kokwanira. Lachitatu lina mu Okutobala, ku Limbe makina anayankha kuti kofinyira kulibe. A Gregorio anatuluka thukuta m'chipinda chozizira chija. A Overtone anafufuza theka la ola n'kukapeza kali bwinobwino, kungoti munthu amene anabwera kudzakonza makinawo anakasunthira malo ena, kumene pulogalamu yaikulu sinkayang'anako. Pa Boma napo tsiku lina kanapezeka, dzina lomwelo, koma kanali kakalekale kamene wina anakopera kuchokera ku ofesi yoyandikana nafe, ndipo zimene kanafinya makina a ku Limbe analephera kumasula. Tsiku limenelo a Gregorio anabwerera ulendo wa ku Limbe kawiri. M'kope muja anawonjezera mizere iwiri pa gawo lililonse: kali pati, ndipo ndi ka chaka chiti.

Kutentha kwa chaka chimenecho kunali koopsa. Njinga yawo inkaphulika matayala pafupipafupi, ndipo m'njira ya ku Namitambo ankakumana ndi anthu a kwawo atasenza timatumba ta chimanga chachikasu. Ena ankawapatsa moni, ena ankayang'ana kumbali. Anayesapo kamodzi kufotokozera alamu awo zimene zinachitika. Anayamba bwino, koma atafika pa mawu akuti pulogalamu inaitana pulogalamu inzake, alamuwo anaimirira n'kunena kuti, "Alamu, mukanangoti munalakwitsa, ife tikanamva." Sanayesenso.

Anawonda. Kolala ya malaya inayamba kuwakulira. Masana sankapita kukadya, ankangotsamira khoma n'kutseka maso, ndipo ine ndinkawaikira mbatata pa tebulo. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene sakuwauzira abwana kuti ntchitoyi yawakulira.

"Ndikasiya ine achita ndani, mayi Sabiti? Adzatuma munthu amene adzangoyang'ana n'kuti kalipo. Masabata makumi awiri udzapeza kalipo, sabata ya makumi awiri ndi chimodzi udzaleka kuyang'ana. Inenso pano ndimafika pa makina n'kumadziuza kuti dzana kanalipo, bwanji ndingopitirira. Ndiye ndimakumbukira bwalo la sukulu lija."

Mu Disembala, mvula itayamba ndipo misewu itasanduka matope, anapeza buku lachingerezi la DOS m'bokosi limene kompyuta inabweramo. Linali lisanatsegulidwepo. Ankaliwerenga pa basi, chala chili pa mzere, tsamba limodzi kapena awiri pa ulendo. Pa tsamba lina anapeza kuti munthu angathe kulemba malamulo angapo m'fayilo imodzi, ndipo limodzi mwa malamulowo limafunsa ngati chinthu chakutichakuti chilipo, n'kuchita zosiyana chikapezeka kapena chikasowa. Anayesa masabata awiri. Ankachotsa dala kofinyira kaja n'kukasunga pa disiketi ina, kuyesa, kulephera, kukabwezera, kuyesanso. Kawiri konse makina anangoima osayankha ndipo tinachita kuwathimitsa pa khoma.

Lachisanu lina cha m'ma teni koloko anandiitana. "Mayi Sabiti, tabwerani muyambitse ntchito ngati mmene ndimachitira ine."

Ndinalemba lamulo loyambira. Makina analira kamodzi, ndipo pa galasi panatuluka zilembo zikuluzikulu za Chinyanja: KOFINYIRA KULIBE. MUSAPITIRIZE. ITANANI A NAMPINGA. Pulogalamu ya mayina inakana kutseguka. Anabwezera kapulogalamu kaja, ndinayesanso, ndipo inatseguka bwinobwino.

Inali mizere isanu ndi umodzi yokha. Ndinawomba m'manja, koma iwo anangopuma mozama n'kukhala pansi. "Mwana uja Mikaele akanalemba zimenezi pa mphindi zisanu," anatero.

Anakopera mizereyo pa pepala n'kupita nayo ku Limbe. A Overtone anaiwerenga, anagwedeza mutu, n'kunena kuti makina awo sangamve ngakhale mzere umodzi, koma ganizo lake ndi labwino. Analemba yawo m'chilankhulo cha makina awo, yofufuza malo onse amene kapulogalamuko kangakhale, ndipo anawonjezera kuti disiketi yokhala ndi ziro izikanidwa. Uthenga wochenjeza anausiya m'Chinyanja momwemo, ndi dzina la a Nampinga lomwe.

Kamakina ka ku mishoni kokha kanawakanika. Kanalibe buku, kanalibe polembera malamulo, ndipo a Overtone anati iwo sanakagwirepo chibadwire. Zimene a Gregorio anakwanitsa n'kumata kapepala m'mbali mwa galasi kopempha kuti munthu asataye kanthu asanawafunse. Bambo mfumu analonjeza, koma anali oiwalaiwala, ndipo pa mishoni pankabwera alendo okonda kugwiragwira. Choncho ulendo wa ku Limbe unachepa n'kukhala wa kamodzi pa mwezi, koma wa Lachinayi unatsala. Anapalasa dzinja lonselo, thalauza atalipinda mpaka m'mawondo, kope lili m'pulasitiki pansi pa malaya. Pa maulendo onsewo kofinyira anakapeza katasowa kamodzi kokha, mu Malichi, n'kukabwezera disiketi isanatumizidwe. Tsiku limenelo anabwerera ku ofesi ali ndi nkhope yowala kuposa masiku onse amene ndinawadziwa.

Mu 1993 anthu anakolola. Ntchito yogawa chimanga inatha, ndipo mu Seputembala bungwe linatseka ofesi ya pa Boma. Kompyuta yathu anainyamula pa galimoto kupita nayo ku Limbe, ndipo ndinamva kuti atafika nayo anafufuta zonse zinali m'katimo kuti aipereke ku ofesi ina. Abwana anawalembera a Gregorio kalata yowayamikira, yonena kuti anali wotayipa wakhama ndi wosunga nthawi. Za mizere isanu ndi umodzi ija munalibe.

Anabwerera ku Milepa ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, akuoneka ngati a zaka makumi asanu ndi limodzi. Nkhani ya mayina inazirala pang'onopang'ono, monga zimachitira nkhani za njala anthu akakhuta, koma sinathe. Alamu awo anayambanso kufika pakhomo. Ena mpaka lero amati munthu uja anadya chimanga cha anzake.

Ndinawaona komaliza mu Disembala chaka chomwecho. A Overtone anandituma ndi uthenga, ndipo ndinawapeza m'munda kuseri kwa nyumba akubzala nandolo pakati pa mizere ya chimanga, mayi Albertina ali patsogolo ndi khasu. Anasamba m'manja, tinakhala pa mkeka pansi pa mtengo wa mango. Ndinawauza kuti kampani ina ku Limbe ikufuna munthu woyang'anira makompyuta ake, ndipo a Overtone anatchula dzina lawo.

"Alipo angati makinawo?" anafunsa.

"Akuti khumi ndi limodzi."

"A mtundu umodzi?"

"Ayi, akuti ndi osiyanasiyana."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Atatu okha anandimaliza, mayi Sabiti. Mukawathokoze a Overtone, mukawauze kuti maso anatha."

Mayi Albertina anandipatsa mango m'kathumba. A Gregorio anandiperekeza mpaka pa msewu, akuyenda pang'onopang'ono dzanja lili m'chiuno, ndipo anabwerera ndisanapeze n'chokwera chomwe, poti kumwamba kunali kutada ndipo anafuna kumaliza mizere iwiri imene inatsala.